Chimene Ndidatenga Pamanda a Amayi Ako

Nsaru,
Lachinayi masana

Zione mwana wanga,

Ndakhala m'chigafa muno, pabenchi posankhira fodya, ndipo ndikukuona uko ukuyanika zovala zako pachingwe. Wandipatsa nkhongo, monga wachitira sabata yonseyi. Mawa ukukwera minibasi kupita ku koleji ya unamwino, ndipo ine sindilola kuti uchoke pakhomo pano ndi katundu amene wasenza mumtimamo. Pakamwa ndimalephera, umandidziwa. Ndikayamba nkhani yofunika ndimakathera pa za feteleza. Choncho ndang'amba mapepala m'kope lako lakale, ndipo uwerenge mpaka kumapeto ngakhale zilembo zanga zili ngati mapazi a nkhuku.

Chichokereni kwa amalume ako ku Nambuma, kumene udakatsanzika Loweruka lapitali, sunandiyang'anepo m'maso. Moni ukundipatsa, madzi osamba ukundiikira, koma ukamapereka mbale ukubweza dzanja msanga kuti lisakhudzane ndi langa. Ndikudziwa chimene wamva, ndipo ndikudziwa amene wakuuza. Amayi ako aang'ono, a Filomena, akuuza kuti tsiku loika maliro a amayi ako adandiona ndi maso awo ndikutola kanthu pamanda n'kuponya m'thumba la jekete. Akuuzanso kuti nyengo yomweyo fodya wanga adaposa wa aliyense m'dera lino, nyumba ndidafolera ndi malata, ndipo wanzeru aphatikize yekha. Tisazungulire: wauzidwa kuti bambo ako adakhwimira fodya ndi moyo wa amayi ako.

A Filomena sadaname pa zimene adaona. Ndidatengadi kanthu pamanda paja. Chimene sadadziwe ndi chakuti kadali kachiyani, ndipo ndidakatengeranji. Zaka khumi ndi ziwiri zapita ndisanauze munthu aliyense. Lero ndikuuza iwe. Koma sungamvetse usanadziwe za maluwa a amayi ako, chifukwa adatisiya iwe uli wamng'ono ndipo ine sindidakufotokozere mokwanira. Ndiye upirire ndiyambire kutali. M'njiramo utolemo malangizo a paulendo, pakuti ine malangizo ena ndilibe kupatula zolakwa zanga, ndipo zimenezo ndili nazo zokwanira mudzi wonse.

Amayi ako adaphunzira kuumitsa maluwa ali ndi pakati pa iwe. Mwezi womaliza adakakhala kuchidikiro, ku chipatala cha mishoni ku Namitete, ndipo iwe udachedwa kubwera ndi masabata awiri, khalidwe limene sunalisiye mpaka lero. Kumeneko kudali asisitere ena okalamba amene ankasonkhanitsa amayi odikira masana kuti asamangogona, n'kumawaonetsa kupanikiza maluwa pakati pa mapepala mpaka aume, kenako n'kuwamata pamakadi a ubatizo ndi a Khirisimasi. Amayi ena ankaseka, ati kodi maluwa tidzadya? Amayi ako adabwera kunyumba ndi iwe kumsana, mtolo wa manyuzipepala akale pamutu, ndi kanthambi ka maluwa ofiira kamene adakabzala kumpanda. Ine ndidasangalala ndi zonse, koma za manyuzipepalazo ndidasangalala pa chifukwa cholakwika.

Kulakwa kwanga koyamba kudali kumeneko. Masiku amenewo ndinkasuta chingambwe, ndipo pepala lopichirira linkasowa. Ndidapeza manyuzipepala aja pakona ya kuchipinda atasanjidwa bwinobwino, pamwamba pali katoni ndi njerwa ziwiri. Ndidati mkazi wanga amandikonda, wandisungira mapepala mpaka kuwatsindira kuti asauluke. Ndinkasolola tsamba limodzi patsiku, ndipo tinthu touma tikathothokamo ndinkangokutumula. Patapita sabata amayi ako adanyamula njerwa zija, adayang'ana pansi, adandiyang'ana ine utsi uli tolotolo, n'kufunsa kuti, "Bambo a Zione, kodi akukoma maluwa anga?" Sadalalate. Adagwada n'kuyamba kutola tizidutswa pansi, ndipo kukadakhala bwino akadandilalatira. Adali maluwa amene adathyola pabwalo la chipatala tsiku limene adatuluka nawe. Zione, kumene ukupitako udzagwira zinthu za anthu. Odwala adzabwera ndi timipango, mikanda ya m'chiuno, kolona woduka, kapepala kopindapinda pansi pa pilo. Kwa iwe zidzaoneka zinyalala zoyenera kusesa. Usadzataye kanthu ka munthu usanamufunse kuti n'kachiyani. Funsa kaye. Ine chingambwe ndidasiya mwezi womwewo, osati chifukwa cha chifuwa koma manyazi.

Kulakwa kwachiwiri kudabwera pofuna kukonza koyamba. Ndidaona kuti za njerwa ziwirizi n'zachibwana. Munthu angadikire bwanji masabata atatu pamene pakhomo pali jeke yodindira mabelo a fodya? Amayi ako atapita kuchigayo, ndidatenga maluwa awo atsopano ndi mapepala omwe, ndidawalowetsa m'bokosi la jeke, n'kupukusa chitsulo mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. Ndidati akabwera apeza ntchito ya masabata atatu yatha tsiku limodzi, adziwe kuti adakwatiwa ndi mwamuna woganiza. Titatsegula tidapeza pepala lonyowa ndi madontho ofiira, ngati pamene mwana wapondera mabulosi. Ulendo uno adaseka mpaka kukhala pansi. Atapukuta misozi adati, "Inu, duwa si belo. Limafuna kulemera pang'ono, koma masiku ambiri." Mawu amenewo ndi amene ndakulerera. Nthawi zambiri ukandipsetsa mtima dzanja linkayabwa, koma ndinkakumbuka pepala lonyowa lija n'kupita kudimba. Tsono phuma langa uli nalo, usakane. Ukafuna kuti maphunziro, anzako ndi odwala zonse ziwongoke tsiku limodzi. Wodwala wokana mankhwala sudzamugonjetsa ndi kukalipa kamodzi. Udzabwererenso mawa, ndi mkucha, ndi mawu omwewo ofatsa. Mabuku nawonso uziwerenga pang'ono tsiku lililonse, osati kudzipanikiza mayeso atafika kale pakhomo.

Kulakwa kwachitatu kudali kwa mlimi wa fodya weniweni. Iwe ukudziwa kuti fodya wouma timamugwira m'mamawa, mame atamufewetsa, kuti asaphwanyike. Dzanja langa lidazolowera kuti chabwino chilichonse chimagwiridwa dzuwa lisanatuluke. Tsiku lina pochokera kudimba ndidathyola maluwa a nyemba, a chisoso, ndi tina tabuluu ta m'mphepete mwa dambo, mame ali chuchuchu. Ndidawaika m'mapepala ndekha, ndidatsindira njerwa ziwiri monga mwa lamulo, osauza munthu. Patapita masabata atatu ndidawaitana amayi ako monyada kuti adzaone. Titangonyamula katoni, fungo ndi limene lidayamba kutilonjera. Zonse zidali zitachita chuku, zakuda bii. Adandiuza kuti duwa limathyoledwa dzuwa litakwera, mame atauma, ndipo pepala limasinthidwa tsiku lachitatu chifukwa loyambalo limakhala litamwa madzi. Adati, "Mukatsekera chinthu chonyowa chimaola mwakachetechete, inu muli phee kuyesa chikuuma." Pamenepa pali zinthu ziwiri, Zione. Choyamba, si zonse zimene ukudziwa kuno zimene zikagwire ntchito kumeneko. Pakhomo pano ndiwe katswiri, koma ukakafika ukhale wofunsa, ngakhale wokuphunzitsayo akhale wokolopa m'wodi. Chachiwiri ukuchidziwa wekha. Sabata ino watsekera chinthu chonyowa mumtima mwako, ndipo ine ndili m'chigafa muno ndikumva fungo lake.

Zitatha izo ndidagonja, ndidakhala mwana wa sukulu. Adandiphunzitsa kusankha maluwa opyapyala, kuti chiluwe cha maungu n'chamadzi ndipo malo ake ndi mumphika, kuti duwa lililonse ligone palokha osakhudzana ndi linzake, ndiponso kuti munthu asamasuzumire tsiku ndi tsiku ngati wodikira nkhuku kuswa. Amene ankawakonda kwambiri adali maluwa a fodya. Nthawi yodula nsonga za fodya kuti masamba anenepe, ife timangotaya maluwawo m'mizere. Amayi ako ankabwera pambuyo panga ndi lichero, iwe kumsana, kumatola. Duwa la fodya limamata ndipo ndi lonenepa kukhosi, ndiye ankaling'amba pakati ndi kalezala n'kuligoneka chafufumimba. Likauma linkatuluka lofiirira mokongola, moti anthu kutchalitchi ankalimbirana makadi amenewo osadziwa kuti ndi duwa lanji. Akatekisiti ena amene ankadzudzula kusuta Lamulungu lililonse adapachika khadi lotero pabalaza pawo zaka zitatu, ndipo ife sitidawauze. Ku kolejiko ukakumana ndi ana a m'tauni, a bambo a magalimoto. Akakakufunsa za kwanu, usakameze mawu. Ukanene momveka kuti ndine mwana wa mlimi wa fodya wa ku Nsaru, kenako ukawapose m'kalasi.

Kulakwa kwina ndikutchula mwachidule chifukwa mpaka lero kumandichititsa manyazi. Amayi ako adali kukonza makadi a ana obatizidwa a mumphakati mwathu, guluu n'kutha ntchito ili pakati. Ankamata ndi kamtengo ka machesi, kadontho kamodzi pa duwa. Ine katswiri ndidati kupita kumsika wa Nsaru n'kutaya nthawi, kusukulu tinkamata mapepala ndi phala la chinangwa. Ndidaphika ndekha, ndidamata ndekha, ndipo zidagwira bwino kwambiri. Patapita masiku anayi tidapeza mphemvu zitachita phwando. Zidadya phala ndi maluwa omwe, n'kutisiyira timitengo. Ubatizo udali Lamulungu lomwelo, ndipo ana ena adalandira makadi awo atayamba kale kukwawa. Ukadzapeza kuti chinthu choyenera palibe, udzanene kuti palibe, ukachifune kumene chili. Usadzaphikire munthu wodwala phala la chinangwa pofuna kuoneka wochenjera.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikuzungulira. Udali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Udali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Amayi ako adadwala masiku asanu okha. Adayamba ndi mutu, kenako kutentha thupi, kenako khosi lidauma osatha kuweramitsa. Tidathamangira nawo kuchipatala, madokotala adayesetsa, koma tidafika mochedwa. Adandiuza kuti ndi matenda oumitsa khosi amene amabwera nthawi yotentha. Iwe ukawaphunzira m'mabuku ako, ndipo ukadzafika patsamba limenelo udzadziwe kuti ndi amene adatenga amayi ako. Koma kwa abale awo, munthu wathanzi amene dzana adali kuthirira nazale sangafe masiku asanu popanda dzanja la munthu. Ndiwamvetsa. Nanenso ndidafunafuna woti ndimuloze chala, koma sindidampeze.

Mtembo udafikira pakhomo pano tisanaunyamule kupita kwawo ku Nambuma. M'mawa mwake amayi a mphakati adayamba kumanga nkhata za maluwa zokaika pamanda. Maluwa akadakawafuna kuti, pamene kumpanda kwathu kudali kutafiira ndi aja adachokera ku Namitete, opyapyala ngati pepala? Adathyola onse, mpanda udatsala minga yokha. Iwe udatuluka m'nyumba, utaona udakuwa kuti, "Siyani! Amayi salola kuthyola mame asanaume!" Amayi onse aja adasiya kumanga n'kuyamba kulira mwatsopano. Azakhali ako, mlongo wanga, adakunyamula n'kupita nawe kuseri.

Ku Nambuma, mwambo wa pakhomo utatha, bokosi lidanyamuka kupita kumanda, nkhata zili patsogolo. Ana saloledwa kumanda, ndiye iwe udayenera kutsala ndi azakhali ako. Ndikunyamuka udapulumuka m'manja mwawo, udandigwira buluku n'kufunsa kuti, "Ababa, maluwa a amayi akupita nawo kuti?"

Ndidati, "Akukawapatsa amayi ako."

Udati, "Onse? Mukabwere nalo limodzi, langa."

Ndidati, "Ndibwera nalo."

"Zoona?"

"Zoona."

Udandisiya buluku n'kubwerera wekha kwa azakhali ako, osalira. Palibe wina adamva zimenezi, chifukwa nyimbo idali itayamba.

Mwambo ndimaudziwa, Zione, sindine mlendo. Kumanda sikuchoka kanthu. Nkhuni za kumeneko sizitoledwa, makasu okumbira amatsukidwa, anthu amasamba m'manja asanalowe m'mudzi. Ndikadathyola duwa lija nkhata idakali m'manja mwanga, isanakhudze dothi, palibe akadanena kanthu. Koma mutu wanga sunkagwira. Woyendetsa mwambo adaitana kuti, "Nkhata ya mwamuna wa malemu." Ndidapita, ndidagwada, ndidaiika pamtumbira. Ndikuti ndidzuke, mpamene ndidakumbuka mawu ako. Ndidaganiza za mwambo, ndidaganiza za iwe ukundidikira, ndipo sindidatenge nthawi kusankha. Ndidatambasula dzanja, ndidathyola duwa limodzi pankhata ija, n'kulilowetsa m'thumba. Nditakweza maso ndidakumana ndi a Filomena akundiyang'ana. Chimene ndidatenga pamanda a amayi ako ndi chimenecho: duwa limodzi lofiira la kumpanda kwathu, limene iwe udandituma.

Pobwerera ndidakupeza utagona pamwendo pa azakhali ako. Pamene unkadzuka, manong'onong'o adali atayamba kale, ndipo anthu ankasuntha ndikakhala pafupi nawo. Duwa ndidaligoneka pakati pa masamba a kabuku ka nyimbo kamene kadali m'thumba linalo. Tsiku lometa amalume ako adandiitanira pambali pamodzi ndi akuluakulu ena a banja. Adati, "Alamu, timve kwa inu. Mudatenga chiyani pamanda a mlongo wathu?" Ine ndidayankha kuti, "Chimene ndidatenga n'changa." Pa mayankho onse amene munthu angapereke, ndidasankha loipitsitsa.

Ufunsa kuti bwanji simudangonena zoona. Ndikadati ndi duwa, akadati libwerere kumanda lero lomwe kapena litenthedwe tikuona, ndipo ine ndidali nditakulonjeza. Akadafunsanso kuti la chiyani. Masiku amenewo m'midzi yozungulira mudali mphepo yoipa yoti ana akuphunzitsidwa ufiti. Ndidaonapo ndi maso anga kamtsikana ka msinkhu wako katakhazikidwa pakati pa bwalo, akuluakulu akukafunsa mafunso mpaka kadavomera zinthu zimene sikankazidziwa n'komwe. Kadatemedwa mphini, kadamwetsedwa zowawa, ndipo kusukulu anzake adakathawa. Ndikadangoti mwana ndiye adandituma, funso lotsatira likadakhala lakuti mwana wofuna zinthu za kumanda wamuphunzitsa ndani. Ndidaona kuti ngati dzina loipa liyenera kugwera munthu pakhomo pano, ligwere ine, msana wanga ndi waukulu. Pa chimenecho sindidandaula, ndipo zitabwereranso ndingachite chimodzimodzi. Koma ndisaname, kunyada kudaliponso. Zidandiwawa kuti anthu amene ndidadya nawo mbale imodzi zaka zonse zija angandiganizire zotero, ndiye ndidati aganize zimene akufuna.

Za fodya uja yankho lake ndi lalifupi. Nazale adafesa amayi ako, ndipo manyowa a m'khola adandikakamiza okha kuthira m'munda monse mwezi wa Ogasiti, ine ndikung'ung'udza. Atapita ndinkalephera kukhala m'nyumba, ndiye ndinkakhala kumunda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kupalira ngakhale popanda udzu. Fodya wosamalidwa chotero akadalephera bwanji? Malata ndidagula chifukwa adali atawapempha zaka zinayi, ndipo tsiku lofolera ndidalira ngati mwana, amisiri ali padenga.

Dzina lija lidandimata. Anthu adasiya kubwereka khasu pakhomo pano. Ukukumbuka kuti anzako ankakana kudya kwathu, ine n'kumakuuza kuti ndi chifukwa cha kaphikidwe kanga? Kaphikidwe kanga kadalidi koipa, koma chifukwa sichidali chimenecho. Komabe ndikuuze chinthu chimene chimandiseketsa ndikakhala ndekha. Mwa mwambo wathu iwe ndiwe wa kwa amalume ako, ndipo akadatha kukutenga mwezi womwewo. Adatumiza uthenga kawiri, ine ndidayankha kuti mwana ali pasukulu, amene akumufuna abwere adzamutenge yekha. Palibe adalimba mtima kuponda pakhomo pa mfiti. Dzina limene lidandilanda anzanga ndi lomwe lidandisiyira iwe, ndipo pa kusinthana kumeneko ine ndidapindula.

Titabwerera kuno ndidatulutsa duwa lija m'kabuku. Ndidaligoneka pakati pa manyuzipepala a amayi ako, katoni pamwamba, njerwa ziwiri. Tsiku lachitatu ndidasintha pepala. Sindidasuzumire. Kadali koyamba kuchita zonse molondola, ndipo woti andiyamikire padalibe. Iwe udafunsa kamodzi kokha, tikudya, kuti, "Ababa, duwa lija?" Ndidati likuuma. Udagwedeza mutu ngati munthu wodziwa ntchitoyo, ndipo sudafunsenso. Masabata atatu atakwana ndidapalasa njinga kupita ku Nsaru kukagula guluu weniweni, ndidalimata pakhadi loyera ndi kamtengo ka machesi, ndidalikuta ndi pulasitiki, n'kulibisa kumene dzuwa ndi mphemvu sizifika. Ndidaopa kukupatsa nthawi imeneyo, chifukwa mwana sasunga chinsinsi ndipo ukadakaonetsa anzako.

Kulakwa kwanga komaliza, kwakukulu kuposa zonse ndalembazi, ndi kwakuti ndidapitiriza kukhala chete iwe utakula. Ndidati ndidzakuuza ukamaliza pulayimale. Utamaliza ndidati ukabwera ku holide ya sekondale. Ukabwera ndinkakuona ukuseka, ukuimba potsuka mbale, ndiye ndinkati ndimusokonezerenji mwana. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kuti udzadziimba mlandu, udzati bambo anga adasalidwa chifukwa cha ine. Tamvera bwino pamenepa: iwe udali mwana wopempha duwa la amayi ake, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Wogwada pamanda ndidali ine, woyankha mwamwano ndidali ine. Koma chifukwa cha kuchedwa kwanga nkhani yako waimva kwa munthu wina, yopindika, kutatsala masiku ochepa kuti unyamuke. Pa chimenechi ndikupepesa, mwana wanga. Ukadzakhala ndi mawu oyenera kuuza munthu amene umamukonda, usadzadikire tsiku labwino. Ine ndidalidikira zaka khumi ndi ziwiri ndipo silidabwere.

A Filomena usawade. Adataya mkulu wawo amene adawalera, adaona chinthu chimene sadachimvetse, ndipo ine sindidawathandize kumvetsa. Adakuuza chifukwa amakukonda ndipo amaopa kuti ungapite kutali usakudziwa munthu amene umakhala naye. Ukakafika uziwaimbira foni. Ine sabata yamawa ndipalasa njinga kupita ku Nambuma, ndikakhala pansi ndi amalume ako, ndikayankhe funso limene adandifunsa tsiku lometa lija. Tsopano wakula, palibe angakukhazike pabwalo. Akakhulupirira, chabwino. Akakana, ndikamwa madzi awo n'kubwerera, chifukwa munthu amene ndimafuna kuti adziwe zoona ndi iwe.

Koma nawenso ndikudzudzule pang'ono, ndine bambo ako. Udamva nkhani yoopsa chotere, udakwera njinga kuchokera ku Nambuma mpaka kuno, ndipo masiku asanu sudandifunse. Kuchipatala udzamva zambiri: kuti uje ndi wakuba mankhwala, uje adatenga matenda chifukwa cha chiwerewere, gogo uje ndi mfiti musamuyandikire. Wina adzakhala ataonadi kanthu ndi maso ake, monga a Filomena. Iwe udzapite kwa mwini wake, udzakhale pansi, udzafunse. Funsa kaye, Zione. Ndipo munthu amene onse akumuthawa, iwe udzamugwire dzanja pomupatsa mankhwala, chifukwa ndikudziwa mmene zimamvekera munthu akabweza dzanja msanga.

Zina zonse ukuzidziwa. Uzidya m'mawa. Uzipita ku Misa ngakhale utatopa. Anyamata a mawu okoma uziwamvera ndi khutu limodzi. Sindikuda nkhawa ndi iwe ngakhale pang'ono. Udaphunzira kuphika uli ndi zaka zisanu ndi zitatu pofuna kudzipulumutsa ku mphika wanga, ndipo munthu wotero koleji singamugwetse.

Khadi lija sindidaliike m'kalata muno. Chinthu chochoka kumanda sindingakulowetsere m'chikwama mwakabisira, uyenera kusankha wekha. Mawa m'mawa ulipeza patebulo m'envulopu yoyera. Usayembekezere kufiira kuja, mtundu wake wazilala, koma masamba ake onse atatu alipo, osathyoka. Ukafuna kupita nalo, tenga. Ukaona kuti mtima sukulola, lisiye pomwepo, ndilisunga monga ndasungira, ndipo sindidzakufunsa chifukwa. Sutikesi yako ndiimanga panjinga ndipo ndikuperekeza mpaka pa siteji, kaya ukundiyankhula kaya ayi.

Udandituma uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Zione. Ndachedwa, koma ndabwera nalo.

Ndine bambo ako,
amene sadakunamize tsiku lija.